Kabotolo Kotsala Mufiriji

Tsikulo mvula inangowaza osaleka, ndipo kunada msanga. Bambo wina wochita kafukufuku anabwerera ku labotale kukamaliza ntchito imene ankaizengereza, yowotcha timabotolo takale ta mabakiteriya a chiseyeye. Majini awo, osunga chibadwa chawo, anali atawaunika kale, pamodzi ndi tizizindikiro timene tizilomboti timadinda pa DNA yawo. Abwana ankafuna malo mufiriji pofika m'mawa.

Kabotolo kamodzi kanali ka tizilombo ta m'nkhama za malemu mkazi wake. Mayiyo ndiye anayamba kudzipereka pa kafukufukuyo, akuseka. "Tengani, bambo. Mwina mukandiika m'botolo muzindiyang'anako."

Mlonda anatsegulira bamboyo chitseko. "Achimwene, mpope munausiya wotsegula. Madzi akhala akumveka chichokereni inu."

Iye analowa mu labotale. Mpopewo anaupeza wotseka.

Anavala magolovesi n'kuyamba kutulutsa timabotolo. Atagwira ka mkazi wake, kumbuyo kwake kunamveka munthu akuchukucha m'kamwa mosafulumira, tsaya ili kenako linalo. Munthuyo analavula. Mkazi wake ankatero madzulo alionse ndi madzi a mchere.

Anatembenuka, koma munalibe munthu. M'sinki mouma munali malovu ofiirira, akutsetserekabe kulowera kubowo. Pambali panali kapu yake ya tiyi, imene anaitsuka masana. Inali yofunda, pansi pake pali mchere wosasungunuka.

Anawotcha timabotolo tonse kupatula kamodzi. Kameneko anakabwezera mufiriji, kuseri kwa timabotolo tatsopano. Kenako anatsuka kapu ija, nathiramo madzi ofunda, n'kuisiya pa sinki.