Batani Lobiriwira

Linali tsiku lachinayi Atelala ataima pamalo omwewo, manja kumbuyo, maso pa chithunzi cha nambala seveni. Mayiwa sankabwereka buku, sankakhala pampando. Laibulale ikangotsegulidwa ankalowa, n'kuima kuseri kwa chingwe mpaka mapazi kutupa, akutsinzinira ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano.

Namabuku, monga ana asukulu ankamutchulira woyang'anira laibulaleyo, ankawayang'ana ali pa tebulo lake, mtima ukumuwawa. Chingwecho anamanga yekha, ndipo lamulo linali lake: osadumpha, osakhudza. Koma abale inu, chingwe n'chiyani kwa mayi amene akuona nkhope ya mwana wake patatha zaka makumi awiri?

Zithunzizo zinalipo makumi atatu, zonse zojambula pamanja za malemu Aphunzitsi. Mkazi wawo anazipeza m'kachipinda kamene mwini wake ankasunga yekha kiyi, ndipo Namabuku ndiye analimbana ndi akhonsolo miyezi isanu kuti zikolekedwe pakhoma la pakati pa mashelefu. Namabukuyo anali mwana wa sukulu wa Aphunzitsi, ndipo ankawalemekeza kuposa bambo ake omubala.

Tawuni yonse inkadziwa lamulo la Aphunzitsi, poti ankalinena mpaka m'makutu kuwawa: "Chimene diso silinaone, dzanja lisaname." Ndipo ayi ndithu, munthuyo sankanama. Atajambula wogulitsa nyama, ntchentche ya pa mpeni inalipo. Atajambula mwini sitolo, dzino lake lobowoka sanalisiye, mpaka mkuluyo anasiya kuwapatsa moni chaka chathunthu.

Mtsikana wa nambala seveni anakhala pa kampando, manja pamaondo, atavala diresi loyera. Mabatani ake onse analipo, ngakhale lapakhosi losiyana ndi anzake. Sankamwetulira.

Nkhani yake ndani sankaidziwa? Anachoka pakhomo m'mawa wina wozizira kukakwera basi yopita kwa azakhali ake, ndipo sanafikeko. Sabata imeneyo akuti Aphunzitsi anali kutali, kokachonga mayeso. Atabwera n'kumva, anagwetsa misozi pamaso pa anthu. Ndiwo anatsogolera amuna kufufuza m'tchire ndi m'zitsime, ndiwo anamata zikalata m'mitengo zonena za mtsikana wovala juzi yakuda. Juziyo inapezeka itakodwa paminga kuseri kwa depoti. Mwini wake, mpaka lero zii.

Choncho Namabuku ankamvetsa. Bambo wachifundoyo anamujambula mwanayo adakali m'kalasi mwawo, n'kubisa chithunzicho kuopa kutosa chilonda cha mayi ake. Ndipo mayiwa, amene analibe manda oti n'kulirapo, tsopano apeza poima. Chionetsero chinali kutha Loweruka, zithunzi zibwerere m'makatoni. Zimenezo Namabuku anakana. Anapita kwa mkazi wa malemuwo kukapempha.

"Apatseni, mwanangu," anatero mayi wamasiyeyo. "Aphunzitsi anu akanakondwa."

Tsiku lachinayilo, masana anthu atachepa, Namabuku anamasula chingwe. Anatsitsa chithunzicho pa msomali, kuchipukuta fumbi ndi mpango wake, n'kuchigoneka pa tebulo la owerenga nyuzi, pafupi ndi zenera.

"Amayi, bwerani pafupi. Chithunzichi kuyambira lero n'chanu."

Atelala sanathokoze. Anayandikira mwapang'onopang'ono, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Mwanawe, tandibwereke galasi lija amakuzira zilembo madala owerenga nyuzi. Maso angawa anatha ndi singano. Masiku onsewa ndimangoona chifunga."

Namabuku anathamangira ku tebulo lake, misozi ikulengeza. Ha! Masiku anayi mayi wa eni kulephera kuona nkhope ya mwana wake chifukwa cha chingwe chopusa! Anadziimba mlandu, n'kuwapatsa galasilo ndi manja awiri.

Koma galasilo silinapite pankhope. Linadutsa chibwano, n'kuima pakhosi. Linakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Ndiuze iweyo, ndisadzinamize. Batani lapamwambali ndi lamtundu wanji?"

"Lobiriwira, amayi. Enawa ndi oyera." Namabuku anamwetulira, misozi ili m'masaya. "Mwaona? Aphunzitsi sankaphonya kanthu. Chimene diso silinaone..."

"Ndikulidziwa lamulo lawo."

Atelala anaika galasi pa tebulo mosamala, ngati dzira. Mawu awo anatuluka ouma, opanda kulira.

"Diresili ndinalimaliza m'mawa womwe anachokawo, iye ataima kundidikira. Mabatani oyera anandithera, ndiye ndinadula lobiriwirali pa bulauzi yanga. Mwana wanga anachita manyazi, n'kuvala juzi yake mpaka m'khosi, akuti asamuseke pa msewu."

Anakweza maso n'kuyang'ana dzina la Aphunzitsi limene Namabuku analemba ndi dzanja lake pamwamba pa khoma.

"Kupatula mwini wake, batani limeneli tinaliona anthu awiri basi, mwanawe. Ine amene ndinalisoka, ndi amene anamuvula juziyo."