Amene Ankathirira Maluwa Ogula Nyumba Akafika

Panali bambo wina, kalaliki, amene ankakhala ndi banja lake m'dera labata kunja kwa tauni. Nkhaniyi anandiuza ndi mkazi wake titatuluka m'mapemphero, ndipo sindinawonjezepo kanthu.

Nyumba yawo inali yofanana ndendende ndi ya neba wawo, namwino wamasiye: zipinda zitatu, khonde ndi galaja, kungoti ya namwinoyo inali ndi matailosi. Namwinoyo atafuna kusamukira kufupi ndi ana ake, anaika chikwangwani chogulitsa pageti. Mtengo unali 80 miliyoni.

Bamboyo atamva, mtima unamuwawa.

"80 miliyoni? Chifukwa cha matailosi aja basi?"

"Bambo a ana, si ndalama zanu," anatero mkazi wake. "Asiyeni mayiwa apite ndi mtendere."

Sanamve. Galimoto ya ogula ikangoima, iye ankatuluka ndi paipi kukathirira maluwa a kumpanda, ngakhale dzuwa lili paliwombo.

"Takulandirani, achimwene," ankatero akumwetulira. "Mwachita bwino kubwera nyengo ino. Nthawi ya mvula msewu uno timawoloka titanyamula nsapato m'manja. Za akuba ndiye ndisanene, mungati ndikuwononga malonda a eni."

Zonsezi zinali zabodza. Ogula ankangozungulira kamodzi n'kupita. Mkazi wake ankamuseka mowawidwa mtima kuti, "Maluwa anuwo afa ndi madzi." Miyezi isanu ndi itatu inadutsa. Namwino uja, atatopa ndi kudikira, anagulitsa pa 45 miliyoni kwa makaniko wina. Tsiku losamuka anabwera kudzatsanzika, n'kuwasiyira mpando wa pakhonde.

"Munali aneba abwino," anatero. "Ambuye akusungeni."

Chaka chotsatira bamboyo anapuma pa ntchito, ndipo mwana wawo wamkazi anapeza malo ku yunivesite. Anaganiza zogulitsa nyumba, agule yaing'ono, zotsalazo alipirire sukulu. Anaitana katswiri wowerengera mitengo ya nyumba. Katswiriyo anayeza zipinda, anayang'ana denga, kenako anati, "44 miliyoni."

"Mukuti bwanji? Inzake yomwe ija ankaitchula 80!"

"Bwana, ife sitiyang'ana mtengo wa pachikwangwani. Timayang'ana nyumba yofanana nayo imene yagulidwa posachedwa mumsewu womwewo. Ndi iyo apo, 45. Yanuyi ilibenso matailosi."

Anaitana katswiri wachiwiri. Anatchula zomwezo.

Madzulo ake makaniko uja anapeza bamboyo atatsamira mpanda.

"Achimwene, sindinakuthokozeni," anatero. "Ine ndinafufuza, ndinadziwa kuti kuno kulibe madzi osefukira kapena akuba. Koma mawu anu aja ndinakawabwereza kwa mayi aja, mtengo n'kugwa. Kodi yanuyi mwati zingati? Mng'ono wanga akufuna nyumba."

Bamboyo analowa m'nyumba. Mwana wake anali patebulo, akulemba mafomu a sukulu.

"Adadi, apa pa wolipira ndilembe dzina lanu?"

Mkazi wake akuti pa mtengo umenewo ndalama za sukulu sizikanatsala. Mwanayo anakhala pakhomo chaka chathunthu. Tiziwakumbukira m'mapemphero, pamodzi ndi mayi wamasiye uja, amene mpaka lero sadziwa chimene chinachitika.

Phunziro: Ukamatsitsa mnzako chifukwa cha nsanje, umatsika naye limodzi, ndipo amene amalipira ndi ana ako. Mnzako akadalitsidwa, kondwera naye. Tumizirani ena uthengawu, mwina pali wina amene lero wagwira kale paipi m'manja.