Chikho Chakhumi ndi Chiwiri

Jarmila anaima pakati pa balaza la bambo Trnka atagwira chikho chagalasi chofiira ndi zala ziwiri zokha. Pansi panali pamiyala.

"Mwana wanga, gwira ndi manja awiri," mkuluyo anachonderera.

"Lero ndiye ndasanduka mwana wanu?"

M'tauni yonse ya Nový Bor nkhaniyi ankaidziwa. Kalekale Trnka anakaneneza bambo a Jarmila, a Vendelín, mmisiri wozokota magalasi pafakitale, kuti akubisa zikho zakale zobedwa kunyumba yachifumu. Kukhoti a Vendelín sanatsegule pakamwa, ndipo anakafera kundende. Zikho khumi ndi chimodzi zinathera m'kabati ya Trnka, wosonkhanitsa magalasi akale, wadyera lochititsa nseru. Chakhumi ndi chiwiri anachisaka zaka makumi anayi osachipeza.

Tsikulo anali ataitana atolankhani ndi katswiri wa ku Prague, mayi Dostálová, kuti adzatsimikize kuti zikho zakezo zili ndi zaka mazana awiri. Jarmila analisankha dala tsiku limeneli.

Anakweza chikhocho m'mwamba. Chinapendekeka. Trnka anagwada, thukuta lili kamukamu, ndipo aliyense anatsinzina kudikira phokoso.

Phokosolo silinamveke. Jarmila anachiika bwinobwino patebulo, pambali pa zinzake.

"Tengani, n'chaulere. Zikwane."

Trnka anadzuka n'kudzisasa m'maondo. Manyazi analibe n'pang'ono pomwe.

"Ndinadziwa ine! Magazi a Vendelín ndi amantha basi."

Katswiri uja anayamba kuunika chikho chimodzichimodzi, akulondola mbawala zozokotedwa m'mbali mwake mpaka nyanga zomwe.

"Palibe chokayikitsa," anatero. "Zonse khumi ndi ziwiri zinazokotedwa ndi dzanja limodzi, nthawi imodzi."

"Mwamva? Lembani, anyamata, lembani!" Trnka anauza atolankhani aja akuwomba m'manja.

Kenako mayiyo anatembenuza chikho chatsopanocho. Kunsi kwake kunali timalemba. Anavula mandala, kuwapukuta, n'kuwerenga mokweza: "Vendelín Hejduk, 1979. Za ukwati wa Jarmila wanga."

"Bambo akanaulula kuti zikhozi anazizokota okha, akanamangitsa anzawo amene ankawapatsa mobisa magalasi a pafakitale," anatero Jarmila akuvala chikhothi chake. "Bwanji mwasiya, anyamata? Lembani."