Ndowa Makumi Anayi za Mayi Aliness

"Ndowa zingati patsiku, mayi?" anafunsanso Eric, chala chili pa foni ya ku ofesi.

"Makumi anayi," anayankha Mayi Aliness osadzutsa mutu.

Eric anaseka chamumtima. Masabata atatu akuzungulira midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi kulemba alimi othirira, anali atamva mabodza amitundumitundu. Wina wa mapando khumi a matimati ankayankhula ngati mwini esiteti. Koma bodza la mayi awa linalibe ngakhale tsamba limodzi lolichitira umboni.

Nkhani yake inali ya thanki. Chikokolokereni mapaipi ndi napolo, anthu a kumunsi ankamwa madzi a m'zithaphwi. Akuluakulu ku ofesi anaona pa mapu kuti malo okwerawa ndiwo oyenera thanki yatsopano. Ndiye anatuma Eric, mwana wa ku Ntchisi yemwe anali asanathe mwezi ku Phalombe, kuti akaone chinthu chimodzi: kodi alipo amene amalimapo? Ngati ndi dimba, thanki aifunira kwina. Ngati si dimba, athirapo simenti sabata yamawa.

Malowo sanamukomere n'pang'ono pomwe. Pofunsa njira, anthu anangomulozera ndi milomo, womuperekeza osapezeka. Miyala ikuluikulu ngati nkhokwe inali mbwee paliponse. Kunali zii, ngakhale njiwa osalira. Pakati penipeni panali mtengo wa mango wachilendo, wopanda thunthu, nthambi zake zikuyambira pansi. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo, koma Eric ankamva kuzizira kumsana, ngati pali wina akumuyang'ana.

Anadzilimbitsa mtima n'kuyamba kuona zimene anatumidwa. Mayiwo ankatsikira ku kamtsinje, kutunga, kukwera nayo ndowa pamutu, n'kukhuthulira pa dothi louma gwa. Akatero ankadikira kuti madzi alowe, kenako ulendo wina. Apa ndi apo panali maenje, ena ofika m'chiuno, koma munalibe nthochi kapena manyowa. Pamwala panatsamira khasu lotha, lotsala ngati chikhatho cha mwana.

"Mwadzala chiyani pano?"

"Palibe."

"Nanga mudzala liti?"

"Sindidzala." Anatula ndowa n'kumuyang'ana koyamba. Maso awo anali ouma ngati dothilo. "Ndamva za thanki yanu, bambo. Kaiikeni kwina. Pano ayi, sindinamalize."

Apo m'pamene Eric anaona kuti waitulukira nkhani yonse. Kaduka basi! Mayi wamva kuti pabwera chitukuko, wathamanga kudzanyowetsa thengo kuti lioneke dimba, malo asamuchoke. Ana mazanamazana azitsegula m'mimba chifukwa cha liuma la munthu mmodzi? Anthu a kumunsi aja mwina ankawaopa mayiwa, koma iye analibe nawo chibale. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Pa funso loti kodi pamalopo pali ulimi wothirira, anadina "ayi". Pa mbewu analemba "palibe". Netiweki, yomwe kumunsi inkachita kupemphedwa, pamtunda pano inagwira msangamsanga. Fomu inapita.

Mtima wake unakhala pansi, moti mpaka anawamvera chisoni mayiwo. Khosi lawo linali litaonda ndi kusenza, zala zitang'ambikang'ambika. Anaika foni m'thumba n'kuyankhula mofatsa, ngati mmene munthu amalangizira wodwala.

"Koma mayi, mukudzivutitsiranji? Madzi onsewa kumangotaya pansi popanda mbewu?"

Mayi Aliness anatola khasu lija n'kuyesa ndi chala chaphazi pamene anathira madzi.

"Dothi la napolo likauma khasu sililowa, bambo. Ndimathira kuti lifewe, ndikumbe." Analoza mtengo wa mango uja. "Thunthu lake lili pansi apa, pamodzi ndi nyumba yanga. Mwana wanga Madalo ndinamupeza chaka chatha, m'dzenje mwaimapolo. Kwatsala mng'ono wake, Chance."