Mwala wa Laimu pa Njira ya Lirangwe

Eunice anakhala kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza wina dzina lake Christmas, khosi atasolola, maso ali pa manambala a mita yoyeza mtunda. Dzulo lake anamubera ntchito dzuwa likuswa mtengo, ndipo lero anali atabwera kudzagwira mbava.

Kampani ina ya alonda ku bwalo la ndege la Chileka inkafuna akazi asanu. Mayeso anali amodzi okha: kuthamanga makilomita asanu mphindi 28 zisanakwane. Eunice, yemwe kwa miyezi itatu ankamaliza mtunda womwewo pa mphindi 26, dzulo anatha 33. Anafika lilime lili panja, anzake atamwa kale madzi.

"Mwatalikitsa njira kuti mulowetse abale anu!" anakuwa motero pamaso pa anthu. Bwana woyesa sanakwiye. Anangoti akabweretsa umboni pofika Lachisanu, adzamulola kuthamanganso.

Nanga ndani akanamuuza Eunice kuti sadziwa makilomita asanu? Njira yake anamuyezera ndi amuna ake enieni, a Frazer, akabaza odziwa msewu uliwonse wa kuno. Zoona, poyamba analusa. "Mkazi wanga azikagona kunja ndi alonda, ine ndili moyo?" Sabata yathunthu m'nyumba munali zii. Kenako tsiku lina anangodzuka atasintha ngati munthu wochokera ku chitsitsimutso. Anamusankhira msewu wafumbi woyambira pa chigayo kulowera ku Lirangwe, wopanda malole, wopanda agalu. Potembenukira anaika mwala waukulu wopaka laimu. Kupita awiri ndi theka, kubwera awiri ndi theka.

M'mawa uliwonse ankamutsata ndi njinga pang'onopang'ono. "Mapewa pansi, mayi a Tiko! Zigongono kumbuyo, osati ngati mukupeta chimanga! Musaponye mwendo patali, phazi lizitera pansi pa thupi. Maso pamwala basi!" Bondo lomwe linkamuvuta linasiya kupweteka. Eunice anawatama amuna akewo mpaka kutchalitchi, amayi anzake n'kumangoti ena anabadwa ndi mwayi.

Dzulo madzulo a Frazer anamusisita pamsana n'kuti azisiye, Mulungu sanalole. Koma Eunice si wosiya zinthu. Lero m'mawa, iwo atanyamuka ndi kasitomala wa ku Mdeka, iye anapita pa siteji ya akabaza n'kukatenga mnzawo wa ponda apa n'pondepo, Christmas.

Munthu ameneyu pakamwa sipatseka, amacheza ngakhale ndi mbuzi za m'mbali mwa msewu. Lero anali duu. Ankangogwira chiwongolero, chala chake chachikulu cha chikhadabo chakuda chili pa hutala.

Anayeza njira ya kampani kuyambira pa geti mpaka pomwe anamalizira dzulo. Mita inati asanu ndendende. Anabwereza. Asanu.

"Mita yanuyi ndi yabodza, alamu," anatero Eunice.

"Njinga iyi sinama, alamu."

"Ndiye tiyeni pa njira yanga mukaone."

Christmas anati mafuta atsala pang'ono. Eunice anagwedeza thanki, mafuta n'kulira kuti khuvukhuvu. Anati dzuwa lakwera. Eunice anamufunsa ngati iye ndi mchere woti asungunuka. Basi, anapita.

Kuchoka pa chigayo Eunice ankadziwa dzenje lililonse. Apa ndi pomwe anagwa sabata yoyamba, apa ndi pomwe a Frazer anamuphunzitsa kupuma ndi mimba. Atafika pamwala woyera uja, Christmas anaima. Mita inkati makilomita awiri basi.

Eunice anatsika akuwomba m'manja, nthungululu ili pakhosi. "Mwaona! Pano ndi awiri ndi theka, mita yanu ikuti awiri. Imadya mtunda! Ndiye kuti akuba aja anatithamangitsa asanu ndi limodzi n'kanthu!" Anapsa mtima ndi kusangalala nthawi imodzi. Miyezi itatu ya thukuta, matuza kumapazi, mwana kumusiya kwa aneba mbandakucha, zonsezo anthu n'kumuseweretsa chonchi? Ayi, Lachisanu akaona polekera.

"Mawa tipitira limodzi kwa bwana uja," anatero. "Mukanena zomwe mwaona ndi maso anu. Akafuna Baibulo, mukaligwira."

Christmas sanatsike panjinga. Anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli yankho.

"Baibulo ayi, alamu. Ine zimenezo sindingathe."

"Mukuopa chiyani? Akudyetsani nawo?"

Christmas anakweza dzanja n'kuloza kutsogolo, kupitirira mwalawo, komwe Eunice anali asanapondeko n'kamodzi komwe. Patali ndithu, pafupi ndi mjigo, atsikana ankatunga madzi.

"Awiri ndi theka ndi pa mjigo apo. Tinayeza limodzi ndi achimwene, amuna anuwo, njinga ziwiri, ndipo mwala tinaika pomwepo. Mawa lake anandidzutsa kuti tiugubuduze kubwera nawo pano. Ndi umene unandiphwanya chala ichi."

Eunice anayang'ana chikhadabo chakudacho, kenako mwala.

"Anati mkazi sukangana naye," anatero Christmas, mawu ali pansi. "Umangomufupikitsira njira, n'kumamuwombera m'manja."