Dzina la Mwini Mfuti

Darius anaponya envulopu pa tebulo la a Mlenga asanavule n'komwe jekete.

Amalawi ndi Azambia a mumpingo wa ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja, akalandira pepala la boma ankapita nalo kwa a Wyson Mlenga. Akuluwa anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya maloya, ndipo Chingerezi cha malamulo sichinkawavuta. Ankakhala okha. Anthu ankati anali ndi mwana wamkazi amene anamwalira, koma iwo sankakamba za izo, ndipo Darius, pokhala wachilendo mumpingomo, sanafunsepo.

"Madala, ndiwerengereni ichi," anatero Darius. "Ine changa n'kuyendetsa thiraki, osati zizungu izi."

A Mlenga anavala magalasi. Anawerenga pang'onopang'ono, ndipo atafika pansi anayambiranso pamwamba.

"Akuti pali munthu wapempha kuona mafayilo a mfuti ina imene apolisi anaigwira pa mlandu. Atatsata nambala yake anapeza kuti anaigula ndiwe. Lamulo limateteza dzina la mwini mfuti, choncho akukufunsa ngati ukulola kuti amuuze."

"Wapemphayo ndani?"

"Sanamutchule."

Darius anayamba kuyendayenda m'chipindamo. Dzina likangotuluka, bwana wake amuchotsa ntchito, ndipo apolisi abweranso ndi mafunso amene iye ankaganiza kuti anatha kalekale. Anamuona m'maganizo munthu wakeyo: mtolankhani wina wa ku Oakville, dera la anthu olemera, womwa khofi pa laputopu, wosadziwa kuti kugona m'thiraki kukuzizira n'chiyani.

"Ndikangomudziwa, adzandiona. Ndidzamufikira pakhomo pake, ana ake akuonerera. Munthu angamafukule moyo wa mnzake ngati nkhuku pa dzala?"

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Mlenga. "Titha kukana. Koma kuti ndilembe yankho losabowoka, ndiyenera kudziwa zimene zinachitikadi. Ukandinamiza ine, wadzinamiza wekha."

Darius anakhala. M'nyumbamo munkafunda, ndipo mawu a akuluwo anali ofatsa ngati a bambo ake ku Chipata. Anayamba kufotokoza. Mfutiyo inali yaing'ono, ya m'manja. Anaigula mwalamulo, laisensi ali nayo, ankakawombera nayo ku kalabu Loweruka. Kenako zinthu zinathina. Anaigulitsa kuseri kwa nyumba yosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege, kwa mnyamata amene analibe pepala lililonse. M'mawa mwake anakaripota kupolisi kuti yabedwa.

"Anakuuza kuti akuifunira chiyani?"

"Sindinafunse, madala. Ukagulitsa galimoto sufunsa kuti ipita kuti."

"Ndipo apolisi atabwera, sanakuuze kuti inavulaza ndani?"

"Anangoti yapezeka pa mlandu. Ine n'chifukwa chiyani ndizisenza za anthu osawadziwa? Ngati wina anafa, linali tsiku lake."

A Mlenga anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Anawapukuta nthawi yaitali.

"Mnyamatayo ali ndi dzina?"

"Fabian. Amakweza katundu pa malo omwewo mpaka lero. Koma limenelo musalembe."

"Sindilemba."

Anatenga cholembera. Analemba yankho laukhondo, lonena kuti mwini mfuti sakulola dzina lake kuperekedwa kwa aliyense, pakuti akuopera ntchito yake ndi banja lake. Anamuwerengera m'Chingerezi, kenako m'Chichewa, n'kumulozera posaina. Darius anasaina mtima uli m'malo. Anthu sankanama: akuluwa anali dalitso la mpingo. Anaganiza kuti ulendo wotsatira adzawabweretsera nsomba zouma za kwa mlamu wake ku Oshawa.

Ali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato, anacheuka akuseka.

"Ndiye galu uja dzina langa salipeza?"

"Kuboma salipeza."

"Afe nacho chidwi chake."

A Mlenga anali ataimirira, foni ili m'manja, akufufuza nambala ya wapolisi.

"Wapemphayo ndine, Darius. Mfuti yako ndiyo inapha mwana wanga Nthanda akudikira basi. Zaka zonsezi boma lakhala likundimana dzina limodzi, lero wandibweretsera awiri."