Maliro Odutsa pa Nyanja ya Ontario

Sitima yapamwamba ya pamadzi inanyamuka ku Toronto dzuwa likulowa, ndipo pofika usiku mayi ake a Zelipa anali atainyoza kale. Zenera la chipinda chawo linapenya bwato lopulumutsira anthu, nyama inabwera ikudontha magazi, tiyi anali wozizira.

"Ulemerero unkanena uja ndi umenewu?" anafunsa mayiwo.

Zelipa, namwino wa ku Hamilton, anawatengera pa ulendowu kuti mayiwo aiwaleko imfa ya amuna awo. Zelipayo anangotenga fulasiki n'kupita kukafuna madzi otentha.

Pobwerera anazindikira kuti pansi pasiya kunjenjemera. Injini inali itazima, ndipo m'chipinda munalibe munthu.

Anawapeza panja atagwada pafupi ndi zitsulo zotchinga m'mphepete, duku lili kumutu.

"Gwada, iwe," ananong'ona mayiwo. "Sukuona kuti pakudutsa maliro?"

Zelipa anasuzumira. Pamwamba pa madzi pankayenda mzere wa amayi ovala zoyera, osanyowa ngakhale mapazi, akuimba chapansipansi m'Chichewa. Mzerewo unkafika kutali kumene magetsi a mzinda ankathera. Chibadwire Zelipa anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo nayenso anagwada.

Kenako nyimbo inaleka. Mayi wakutsogolo anakweza nkhope.

"Kodi anamfedwa ali m'menemo? Malo awo tawasungira kumbuyo kwa bokosi la maliro."

"Amayi, chonde musayankhe," anatero Zelipa, atawagwira dzanja zolimba.

Mayiwo anamumasula zala chimodzichimodzi, mofatsa, n'kuyamba kuvula nsapato.